Kujambula m'tchalitchi cha mdima, phiri likuoneka pazenera

Matchalitchi ambiri a ku Chamama ndi m'midzi ya kum'mawa kwa boma la Kasungu ndi a njerwa zootcha, denga la malata ndi mazenera aang'ono, ndipo ochuluka alibe magetsi. Tikakhala m'katimo maso athu amaona zonse bwinobwino. Akwati ali kutsogolo, kwaya ili pambali, pazenera pakuoneka minda ndi phiri chapatali. Koma foni ikajambula malo omwewo, chithunzi chimatuluka china. Nkhope zimada bii moti sitingazindikire mkwati, kapena nkhope zikaoneka, zenera limangoyera mbee, phiri lija osaonekanso. Ukwati suchitika kawiri, ndipo agogo amene anaumba njerwa za tchalitchicho sadzakhala nafe mpaka kalekale. Chithunzi chikalephereka tsiku limenelo, banja lataya chinthu chosabwezeka.

Gwero la vutoli ndi kusiyana kwa kuwala. Kunja dzuwa likaswa mtengo, kuwala kumafika pafupifupi 100,000 pa muyeso wotchedwa lux, pamene m'chipinda cha mazenera aang'ono kumatha kuchepera pa 100. Ndiye kuti panja pakhoza kuwala kuposa m'kati maulendo 1,000. Diso lathu limathana nako kusiyana kumeneku chifukwa silikhala malo amodzi. Tikayang'ana pazenera mwana wa diso amachepa mpaka mamilimita awiri, tikayang'ana pamdima amakula mpaka mamilimita asanu ndi atatu, ndipo ubongo umalumikiza zonsezi kukhala chinthu chimodzi. Kamera imatsegula kamodzi n'kutseka, choncho imayenera kusankha pakati pa zowala ndi zamdima. Ikaona zenera lowala kwambiri imachepetsa kuwala kolowa, ndipo zoyamba kumira mu mdima ndi nkhope zathu zakhungu lakuda.

Njira yothetsera vutoli inayamba kale. M'zaka za m'ma 1850, wojambula wa ku France dzina lake Gustave Le Gray ankajambula nyanja payokha ndi mitambo payokha, kenako n'kuzisindikiza papepala limodzi. Mu 1997 akatswiri awiri a ku yunivesite ya California ku Berkeley, Paul Debevec ndi Jitendra Malik, anaonetsa mmene kompyuta ingaphatikizire zithunzi zambiri za malo amodzi. Chitsanzo chawo chodziwika kwambiri chinali tchalitchi cha pa yunivesite ya Stanford, chomwe chili ndi mazenera a magalasi amitundu koma m'kati mwake ndi mwamdima. Anachijambula maulendo 16, kuyambira chithunzi chimene kamera inatsegula masekondi 30 mpaka chimene inatsegula gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi. Nzeru imeneyi ndi imene lero timaiona m'mafoni ndi zilembo zakuti HDR. Kampani ya Apple inaiika mu iPhone mu 2010, ndipo tsopano imapezekanso m'mafoni ambiri a Tecno, Itel ndi Samsung amene tili nawo m'matumba.

Choyamba kuchita ndi kupukuta galasi la kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa fumbi ndi mafuta a m'zala zimamwaza kuwala kwa pazenera chithunzi chonse n'kuoneka ngati muli utsi. Kenako titsegule kamera, tifufuze mawu akuti HDR n'kuyatsa. Tikadina kamodzi, foniyo imajambula zithunzi zingapo mofulumira, china chakuda, china chowala, n'kuzisakaniza yokha. Kuti zimenezi zitheke foni isagwedezeke. Tiitsamiritse pa benchi, pa mulu wa mabuku kapena pa mphuthu ya chitseko, ndipo tiike nthawi yodikira ya masekondi atatu kuti chala chisaisunthe. Ojambulidwa tiwapemphe aime chilili kwa kanthawi, popeza mwana akatembenuka pakati pa zithunzizo amatuluka ndi mitu iwiri kapena dzanja losaoneka bwino.

Ngati foni ilibe HDR, kapena zimene yatulutsa sizikutikhutiritsa, tikhoza kusakaniza tokha. Foni ili malo omwewo osaisuntha, tigunde ndi chala pomwe pali zenera pa sikirini. Chithunzi chidzada ndipo phiri lidzaoneka, tijambule. Tigundenso pankhope ya munthu, n'kukweza pang'ono kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatuluka pambali, tijambule kachiwiri. Tsopano tili ndi zithunzi ziwiri, china cha panja, china cha anthu. Pulogalamu yaulere ya Snapseed, ya kampani ya Google, ili ndi chida chotchedwa Double Exposure chimene chimasanjika chithunzi pamwamba pa chinzake. Titsegule cha anthu, tisanjike cha panja, ndipo ndi burashi ya m'pulogalamumo tipake pazenera pokha kuti phiri litulukire. Tisapitirire muyezo. Zenera liyenera kukhalabe lowala kuposa m'kati, apo ayi chithunzi chimaoneka chabodza, ngati munthu wamata kalendala pakhoma.

Palinso njira zosafuna pulogalamu iliyonse. Anthu asaime atafulatira zenera. Tiwaimike chammbali kuti kuwala kugwere pa nkhope zawo, zenera lizionekera m'mphepete mwa chithunzi. Titsegule zitseko zonse ndi mazenera a mbali inayo kuti m'kati muwale. Anthu awiri atha kugwira nsalu yoyera ya pabedi moyang'anizana ndi zenera, kunja kwa chithunzi, ndipo nsaluyo imabweza kuwala ku nkhope. Fulashi ya foni sitingaidalire, chifukwa siipitirira mamita awiri kapena atatu. Imawalitsa a pa benchi yoyamba, ena onse n'kutsala mu mdima.

Nthawi nayo ndi yofunika. Masana dzuwa lili paliwombo ndi pamene kusiyana kwa panja ndi m'kati kumakula kwambiri. M'mamawa kapena chakumadzulo kuwala kwa panja kumafewa ndipo kamera siivutika. Nyengo ya chaka tiiganizirenso. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba mapiri, moti ngakhale phiri la Kasungu limazimirira kwa amene ali patali nalo. Mvula ikagwa mpweya umayera, ndipo kuyambira Disembala mpaka cha mu Meyi mapiri amaoneka bwino, minda ili yobiriwira. Amene akufuna chithunzi cha tchalitchi chawo choti chisungidwe m'mbiri ya mpingo asankhe miyezi imeneyi. Uphungu womwewu ukugwiranso ntchito kwa abale a ku Thyolo, kumene kuli mishoni ya Malamulo kuyambira mu 1902, amene amafuna phiri la Mulanje lionekere kumbuyo kwa zithunzi zawo.

Malo opembedzeramo ali ndi ulemu wake. Kuyendayenda ndi foni pamene anthu akupemphera kumasokoneza, ndipo njira tafotokozazi zimafuna bata ndi nthawi. Ndi bwino kupempha chilolezo kwa mkulu wa mpingo n'kujambula mwambo usanayambe kapena utatha. Pa ukwati wa Lamulungu, tipemphe akwati ndi makolo atsalire mphindi khumi anthu ena atatuluka. Zithunzi za ana a anzathu tisaziike pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp makolo awo asanavomere.

Chithunzi chikatuluka bwino tichisamale. WhatsApp imachepetsa chithunzi tikachitumiza mwachizolowezi, choncho tichitumize ngati dokumenti kuti chifike chathunthu. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. Zithunzi ziwiri kapena zitatu zofunika kwambiri tikazitsukitse papepala tikapita ku Kasungu, ndipo kumbuyo kwake tilembe ndi pensulo tsiku, dzina la tchalitchi ndi mayina a anthu onse, kuyambira kumanzere kupita kumanja. Chimodzi chikhale kunyumba, china tipereke kwa mlembi wa mpingo.