Uzimba wa nguluwe udapita ndi mitengo

Akuluakulu amatiuza kuti uzimba wa nguluwe sunali masewera. Amuna ankalawira m'bandakucha ndi mauta, mivi, mikondo ndi agalu. Nguluwe yolasidwa imatembenukira mlenje n'kumung'amba ndi mano, choncho aliyense ankadalira mnzake. Nyama ankagawana, osaiwala mfumu.

Lero anzanga a ku Manja akati tikasake ngati kale, ndimawalozera phiri la Soche. Nguluwe imagona m'ziyangoyango masana n'kutuluka usiku kukafukula chinangwa. Nanga m'phiri lometedwa mpala lija ingabisale pati? Mitengo tidaotcha makala, tchire timalitentha chaka ndi chaka pofuna mbewa.

Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy adatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phirimo, n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Mitengo yomwe inkabisa nguluwe ndi yomweyo inkagwira dothi.

Nguluwe zotsala zili ku Michiru, malo otetezedwa komwe kusaka ndi mlandu. Tsono abale anga, mauta apume. Umodzi wa pa uzimba uja tiutengere ku Soche dzinja lino, titanyamula makasu ndi mbande.