Nyenyezi Zophika mu Mphika

Adventi yafika, ndipo ana athu ayamba kale kutionetsa pa foni mabisiketi a Khrisimasi a maiko akutali: ena ngati nyenyezi, ena ngati angelo, onse opakidwa shuga woyera mbee. Mayi wina wa kuno ku Petauke anatidandaulira Misa itatha: "A katekisiti, ine uvuni ndilibe, koma ana sakundigonetsa tulo. Kodi nditenge kaloba ndikawagulire za m'sitolo?" Tinamuletsa. Disembala ndi mwezi wa feteleza ndi kupalira, ndipo Januwale akudza ndi mayunifolomu ndi makope. Ngongole ya chisangalalo cha tsiku limodzi imagwetsa nkhokwe ya chaka chonse.

Mabisiketi amenewa salira uvuni wamagetsi ayi. Tengani makapu 3 a fulawa, kapu 1 ya shuga, kapu 1 ya majarini, dzira 1 ndi kasupuni 1 ka baking powder. Poyamba takasani majarini ndi shuga mpaka ziyere, kenaka thirani dzira, potsiriza fulawa wosakaniza ndi baking powder. Musakande kwambiri, kuopa kuti angalimbe ngati njerwa. Yalani ndi botolo mpaka kuchindikala kwake kufanane ndi pensulo. Jambulani nyenyezi pa katoni, muidule, ndipo mpeni uzitsata m'mbali mwake.

Tsono thirani mchenga pansi pa mphika waukulu, muuteleke pa mbaula, ndipo mbale yachitsulo ya mabisiketi ikhale pamwamba pa mchengawo. Vundikirani ndi lata ndi kuikapo makala. Moto wa pamwamba upose wa pansi. Pakapita mphindi 10 kapena 15, m'mbali mukayamba kufiira, phulani.

Chokometsera nachonso chili m'nyumba mwanu momwemo. Sinjani shuga mu mtondo wouma, sefani, dontheziranimo madzi a ndimu mpaka akhale ngati phala lolimbirapo. Mupake mabisiketi atazizira, apo ayi shugayo amasungunuka. Pakati pa nyenyezi ikani nshawa yokazinga ya m'munda mwanu. Inu a ku Nyimba, kumene nthochi zimadzaza m'mbali mwa Great East Road, mungathe kuchepetsa shuga ndi kuponderamo nthochi yakupsa. Mabisiketi adzafewa, koma kukoma kwake simudzaiwala.

Ana asangokhala oyembekeza kudya. Apatseni botolo ndi katoni, ndipo manja akugwira ntchito, afotokozereni za nyenyezi imene inatsogolera anzeru a kum'mawa. Auzeninso kuti dzina la Betelehemu litanthauza nyumba ya mkate. Fransisko Woyera wa ku Assisi, m'chaka cha 1223 ku Greccio, anaphunzitsa anthu za kubadwa kwa Ambuye ndi udzu, ng'ombe ndi bulu. Nafenso tingaphunzitse ndi fulawa ndi mchenga.

Chatsala ndi chimodzi, ndicho chachikulu. Chilala cha 2024 chinationetsa kuti njala siyang'ana khomo. Mbale yoyamba isadyedwe pakhomo panu. Ana enieniwo ainyamule, apite nayo kwa agogo okhala okha, kwa wodwala, kapena kwa ana amasiye. Makolo athu anati kupatsa n'kuika. Nyenyezi ina idzatuluka yopindika, ina yopserera. Musachite nazo manyazi. Mwana wa Mulungu anagona m'chodyera cha ziweto.

Tikufunirani nonse Adventi yoyera ndi Khrisimasi yopanda ngongole.