Mwana asathawe masamu ovuta polowa Fomu 3

Tsiku lina titatsiriza swala ya Ijumaa ku Lirangwe, bambo wina anandiimitsa pakhomo pa mzikiti kuti ndimuchitire duwa mwana wake amene amalowa Fomu 3. Mwanayo amalakalaka kudzakhala injiniya. Nditafunsa maphunziro amene wasankha, bamboyo anaseka nati zimenezo n'za aphunzitsi, iwo gawo lawo ndi fizi basi. Mnyamatayo, ataweramitsa mutu, anavomera kuti Additional Mathematics waikana chifukwa anzake anamuuza kuti imazunguza mutu. Duwa ndinachita, koma nkhaniyi sinachoke mumtima mwanga.

Additional Mathematics ndi phunziro lochita kusankha pa mayeso a MSCE, lowonjezera pa masamu a masiku onse. Mwana amasankha polowa Fomu 3, nthawi zambiri ali yekha, mlangizi wake ali mantha a anzake. Ife makolo timadzazindikira zotsatira zitatuluka, madzi atafika kale m'khosi.

Mtima wa phunziroli ndi calculus, masamu owerengera mmene chinthu chikusinthira pakupita kwa nthawi. Kuno ku Chileka ntchito yake timaiona ndi maso. Ndege ikamatera pabwalo lathu, liwiro lake ndi katsikidwe kake zinawerengedwa kale ndi anthu odziwa masamuwa. Madzi ambiri amene anthu a mumzinda wa Blantyre amamwa amapopedwa mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, nadutsa kuno ku Chileka, kukwera chitunda mpaka mumzinda. Kukula kwa mipope ndi mphamvu ya makina opopera sizongoganizira ayi. Inu abale a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota munaona nyanja ikulowa m'nyumba mu 2024. Amene amatsegula ndi kutseka zipata za Kamuzu Barrage ku Liwonde amadalira mawerengero a madzi olowa m'nyanja ndi otuluka. Kodi n'chifukwa chiyani pa anthu amenewo pasapezeke mwana wa msodzi wa ku Makanjira?

Ana ambiri amaopa kuti phunziroli liwawonongera mapointi. Koma mapointi a MSCE amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa, kuphatikizapo Chingerezi. Ngati walemba maphunziro asanu ndi atatu ndipo lovutali silinamuyendere, silimugwetsa. Chimene limafuna ndi nthawi, ndipo pamenepa ndinene zoona: mwana amene akuvutika ndi masamu a masiku onse ayambe walimbitsa amenewo. Koma amene amakhoza bwino, akalikana, wangolisunthira vutolo kutsogolo. Akadzasankhidwa kukaphunzira zauinjiniya ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo, calculus yomweyo idzamulandira m'chaka choyamba, m'kalasi yodzaza, mphunzitsi akuthamanga, fizi itakwera.

Ena mwa ife timaona masamuwa ngati chinthu chachilendo kwa Msilamu. Mbiri ikutitsutsa. Liwu loti algebra linachokera ku liwu la Chiarabu loti al-jabr, la mumutu wa buku limene Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi analemba ku Baghdad cha m'ma 820. Gawo lalikulu la bukulo likunena za kagawidwe ka chuma cha masiye. Shehe aliyense amene anakhalapo pabwalo pogawa chuma, mkazi wamasiye akulandira gawo limodzi mwa magawo 8, mayi a malemu limodzi mwa magawo 6, amadziwa kuti wosadziwa masamu atha kudyetsa ana amasiye mphepo ngakhale mtima wake uli woyera. Komanso mwana amene wazolowera kudzuka m'bandakucha kubwereza phunziro la ku madrasa ali nako kale kupirira kumene masamuwa amafuna.

Vuto lenileni n'lakuti sukulu zambiri zoyendera za kumidzi siziphunzitsa phunziroli chifukwa chosowa aphunzitsi ndi mabuku. Apa m'pamene makolo tiyenera kulankhula. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi tisamangokambirana za njerwa ndi ndalama za chitukuko. Tifunse ngati phunziroli lilipo, ndipo ngati palibe, chikufunika n'chiyani kuti liyambe. Makomiti a mizikiti nawonso ali ndi chochita. Chipinda cha madrasa chimakhala chotseka madzulo. Nyale ya sola, bolodi ndi choko, komanso ana athu a ku yunivesite amene ali patchuthi, n'zokwanira kuti anyamata ndi atsikana ochepa azikumana kawiri pa sabata. Ndati ndi atsikana omwe, pakuti mtsikana wokhoza masamu akafika pakhomo timamupatsa mtondo ndi ndowa, mchimwene wake ali pa mabuku.

Ndalama ya usipa ndi ulendo wa ku Joni zimakoka anyamata athu msanga, ndipo sindikunyoza thukuta la munthu. Ndikungopempha kuti mwana amene Allah anamupatsa mutu wa masamu asatayike chifukwa palibe amene anamufunsa. Madzulo ano, muitaneni wa Fomu 2 uja, mukhale naye pamphasa, mumufunse maphunziro amene akufuna kutenga chaka chamawa ndi chifukwa chake. M'mera m'poyamba.