Zala sizidikira mutu

Lachinayi lapitali, cha m'ma 11 koloko usiku, ndinataya ntchito ya ola lathunthu chifukwa cha mabatani awiri okha. Ndinali kunyumba kuno ku Johannesburg, ndikukonza seva ya kasitomala wina kudzera pa Chrome, fayilo nditaitsekula mu nano. Pofuna kusaka mzere wina, zala zinathamangira Ctrl+W, paja mu nano ndi mmene timasakira. Koma woyamba kumva anali Chrome, ndipo kwa iye Ctrl+W ndi kutseka tsamba. Basi zonse zii, ndisanasunge. Mayi a kunyumba atamva kukuwa kwanga anadzambatuka poyesa kuti kwalowa akuba. Kasitomala ndinamupepesa m'mawa.

Vutoli ndi lakale kuposa ine. Mapulogalamu ngati vi, ya mu 1976, anabadwa Z, X, C ndi V zija zisanatchuke ndi makompyuta a Apple m'ma 1980. N'chifukwa chake pa terminal, sikirini yakuda yolembapo malamulo ija, Ctrl+C sakopera, amapha pulogalamu imene ikuyenda. Ctrl+Z sabweza cholakwika, amaimika ntchito. Ctrl+S amaumitsa sikirini mpaka udine Ctrl+Q. Ndili ku koleji ndinazimitsapo kompyuta poganiza kuti yafa.

Anzanga ena amati ungoloweza zonse. Ine ayi, abale. Mutu umaloweza inde, koma ukatopa zala zimangotsata njira imene zinazolowera.

Ndiye Loweruka ndinakhala pansi n'kulemba zinthu zisanu zimene ndimachita kambirimbiri pa tsiku: kusunga, kusaka, kukopera, kumata ndi kutseka. Zimenezi zokha ndi zimene ndinafananitsa. Za VS Code zili mu keybindings.json, za nano mu .nanorc, momwe ndinauza Ctrl+F kuti azisaka ngati kwina konse. Mu nano 8.0 ya 2024 zimenezi anakonza kale, kungoti maseva ambiri amene ndimagwira akadali ndi yakale. Mafayilo awiriwa ndinawaika pa GitHub kuti azinditsata pa kompyuta iliyonse.

Ctrl+C wa pa terminal sindinamukhudze. Ameneyo ndi buleki, ndipo tsiku limene pulogalamu idzayambe kufufuta zolakwika ndikufuna ndidzamupeze pomwe ndinamusiya.

Pa maseva a eni ake sindingaikepo mafayilo anga, choncho kumeneko ndasiya kulowera pa Chrome, ndikulowera pa SSH. Chatsala ndi Mac ya mwana wanga wamkazi, imene imafuna Cmd m'malo mwa Ctrl. Wandiuza kuti ndisayerekeze n'komwe kuigwira.