Kameta Asanyozedwe

Nzomvetsa chisoni kuti pali amalonda ena amene akuuza alimi a m'midzi kuti nkhuku zachikuda nzachabe, ndipo kuti wofuna phindu azigulitse zonse nkugula zoyera zachizungu. Uphungu woterewu ngwosocheretsa, makamaka ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumene dzuŵa la mwezi wa Okutobala limaswa mtengo.

Nkhuku situluka thukuta. Ikamva kutentha imangoyasama nkumapuma ŵefuŵefu, imaleka kudya, ndipo mazira amachepa. Yoyera yanyama ija, imene imakula m'masabata 6 ikamadya zakudya zogula, ndiyo imayamba kufa. Koma kameta, wa khosi lopanda nthenga uja amene ana amamseka, thupi lake limazizira msanga. Amadzifunira yekha chiswe ndi msipu, amafungatira mazira masiku 21, nkulera anapiye ake popanda nyali.

Nzoona kuti thadzi lachikuda limaikira mazira ochepa ndipo thupi lake nlaling'ono. Komatu mankhwala ake si kulipitikitsa pakhomo. M'zaka za m'ma 1950, malo a ziŵeto a Mikolongwe ku Chiradzulu adayamba kufalitsa Black Australorp, nkhuku yakuda yochokera ku Australia, ya mazira ndi nyama yomwe. Tambala wa Mikolongwe akaikidwa pakati pa misoti ya kameta, anapiye amatengera thupi la atate ndi kupirira kwa amayi.

Ngakhale za Mikolongwezo zili ndi chilema chake: pamudzi sizikonda kufungatira. Tsono mlimi amene wamvera amalondawo, nagulitsa mathadzi ake onse achikuda, adzamfungatirira mazira ndani?