Njinga yamoto yoyamba ikhale yaing'ono

Soya akagulitsidwa, ambiri a inu mumalunjika ku Chipata kukasankha njinga yamoto, ndipo maso amathamangira ya 150cc kapena 200cc. Ife tikuti wophunzira ayambe ndi ya 100cc kapena 125cc.

Misewu ya kuno kwa Mlolo ndi yamchenga m'chilimwe, yamatope m'dzinja. Njinga ikagwa padambo mudzaidzutsa nokha, thumba la feteleza lili kumbuyo. Yaikulu imalumpha mukangopotoza mafuta pang'ono, dzanja lisanazolowere. Ndipo wothyoka mwendo mu Novembala, munda wake adzamubzalira ndani?

Anzanu adzakusekani kuti mwagula ya ana. Alekeni. Ndalama yotsalayo ipite ku chisoti, laisensi ya ku RTSA ndi mbewu. Musanalipire, kafunseni amakaniko a pa boma la Chadiza ngati masipeya ake amapezeka.