Chenjezo: Kusowa Mapadi Kukuchotsa Atsikana M'kalasi

Makolo, aphunzitsi, mafumu ndi akuluakulu aboma, tcherani khutu. Mwezi ndi mwezi, atsikana a m'mabanja osauka akujomba kusukulu akakhala kumwezi chifukwa chosowa chodzitetezera. Kunyumba amangoti mutu ukupweteka, ife n'kukhulupirira.

Mu 2022, Sosten Gwengwe ali nduna ya zachuma, boma linachotsa msonkho wa 16.5 peresenti pa mapadi. Tinaomba m'manja. Koma mu Meyi chaka chomwecho ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Katundu anakwera mtengo, ndi mapadi omwe. Banja lomwe likugona ndi njala silingasiye ufa n'kukagula mapadi.

Posowa mapadi, mtsikana amangong'amba chitenje chakutha n'kupanga nyanda. Nyanda yochapidwa bwino ndi kuuma padzuwa ilibe vuto. Koma mwana wosowa sopo amaichapa ndi madzi okha, n'kuiyanika kuseri kwa chitseko kapena pansi pa mphasa kuopa kuti alongo ake angaione. Mawa lake amaivala isanaume. Mapeto ake ndi kuyabwa, zilonda m'ntchafu ndi matenda omwe amachita nawo manyazi kupita kuchipatala. Akalimba mtima n'kupita kusukulu, amapeza chimbudzi chopanda chitseko, madzi kulibe. Yunifolomu ikadetsedwa, amamanga juzi m'chiuno anyamata akumuseka. Wotereyu sabweranso sabata imeneyo, ndipo mayeso samudikira.

Choopsa kwambiri ndi ichi: alipo amuna omwe amapezerapo mwayi pa umphawi wa ana. Amapereka ndalama ya mapadi ndi sopo, kenako amafuna kugona nawo. Ndalama yochepayo imatha kusanduka mimba, kachilombo ka HIV kapena ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, womwe malamulo a dziko lino amaletsa.

Njira ilipo. Kenya inakhazikitsa lamulo mu 2017 lakuti boma lizipereka mapadi aulere kwa atsikana m'sukulu zake. Aphungu athu akambirane lamulo lotere ndipo ndalama zake zioneke mu bajeti. Magulu a amayi omwe amasoka mapadi ochapa m'sukulu apatsidwe nsalu ndi makina, ndipo mtsikana polandira padi alandirenso sopo ndi kabudula wamkati, pakuti popanda izi padiyo ndi yachabe. Makomiti a sukulu amange zipinda zosinthira zokhala ndi madzi ndi loko. Anamkungwi ndi azakhali alangize ana asanathe msinkhu, ndipo awauze poyera kuti nyanda iziyanikidwa padzuwa.

Tisadikire tsiku la ukhondo wa msambo la pa 28 Meyi kuti tiyankhule za nkhaniyi. Inu abambo, pamene mukuwerengera ndalama ya mchere ndi yakuchigayo, ikanipo ya mwana wanu wamkazi. Mukapanda kumupatsa inu, adzapatsidwa ndi munthu amene adzamuwononge.